Pakhosi pakupweteka, mawu asasa: ndi liti podikira, ndi liti pothamangira kuchipatala?

Juni akangolowa kuno ku Chitipa, m'makalasi mumayamba kumveka zina. Uyu akutsokomola, uyo akumina, wina aphunzitsi amuloza kuti ayankhe funso koma akatsegula pakamwa pakungotuluka mpweya, mawu palibe. Boma lathuli lili pamtunda, ndipo ku Misuku, ku Chisenga m'munsi mwa mapiri a Mafinga komanso ku Nthalire kufupi ndi Nyika kumazizira moti m'mawa madzi osamba amachita kuopsa. Nyengo yozizira ikatha kumabwera mphepo ya fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Zonsezi zimathera malo amodzi: pakhosi.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndimaona anthu amitundu iwiri. Ena pakhosi pakangoyabwa, ulendo kugolosale kukagula makapisozi. Ena amati "ndi chimfine chabe ichi," ngakhale mwana akulephera kumeza phala. Onsewa akhoza kudzivulaza. Matenda ambiri apakhosi amatha okha, osafuna makapisozi. Koma pali mtundu umodzi umene ukaunyalanyaza umakaononga mtima. Mukamaliza kuwerenga, ndikufuna muzitha kusiyanitsa.

Pakhosi pali malo awiri

Tikamati "pakhosi" timaphatikiza ziwalo ziwiri zosiyana. Tengani kagalasi ndi tochi ya pafoni, muyasamule n'kunena kuti "aaa". Khoma lofiirira mukuliona mkatimo ndi limene mabuku a Biology amalitcha pharynx. Pamenepo ndi pamphambano: chakudya chimadutsa pomwepo, mpweya umadutsanso pomwepo. Uku ndi uku muona timibulu tiwiri, amenewo ndi matonsilo. Ntchito yawo ndi ya ulonda, amagwira tizilombo tolowa ndi chakudya kapena mpweya. Malo amenewa akatupa, kumeza kumawawa. Dzina lake la m'mabuku ndi pharyngitis, ndipo akatupa kwambiri ndi matonsilo amati tonsillitis.

Chiwalo chachiwiri simungachione pagalasi. Gwirani kutsogolo kwa khosi, mumeze malovu. Chinthu cholimba chimene chakwera n'kutsikacho ndi kholingo, m'mabuku amati larynx. Lili pamwamba pa njira ya mpweya yopita kumapapo, ndipo m'kati mwake muli timinofu tiwiri topyapyala timene timapanga mawu. Kholingo likatupa, mawu amasasa kapena kutheratu. Amenewo ndiye laryngitis.

Ndiye musaiwale: kuwawa pomeza kukuloza kumtunda, kusasa mawu kukuloza kumunsi. Nthawi zambiri zimabwera limodzi chifukwa tizilombo sitidziwa malire.

Mawu amapangidwa bwanji?

Ikani zala pakholingo. Nenani kuti "sssss", kenako "zzzzz". Poyamba simumva kanthu, kachiwiri mumva kunjenjemera. Mukamapuma chabe, timinofu tija timatseguka ngati chilembo V kuti mpweya udutse. Mukafuna kulankhula timayandikana, mpweya wochokera m'mapapo n'kumatikankha, ndiye timatseguka ndi kutsekeka mofulumira kwambiri. Kwa bambo wamkulu zimachitika maulendo opitirira pang'ono 100 pa sekondi imodzi, kwa mayi pafupifupi 200, kwa mwana wamng'ono mpaka cha m'ma 300. Timinofu tomwe tikugwira ntchito yonseyi n'tating'ono zedi, kutalika kwake sikupitirira masentimita awiri ndi theka.

Amene munagwirapo gitala kapena banjo mukudziwa kuti waya wonenepa umalira besi, wowonda umalira mokweza. N'chimodzimodzi pakhosi. Mnyamata akamatha msinkhu kholingo limakula, timinofu tija timatalika ndi kunenepa, mawu n'kuyamba besi. Pa miyezi imene thupi likuzolowera, mawu amatha kuthyoka pakati pa chiganizo, anzako n'kuseka. Amenewo si matenda ayi, ndipo safuna mankhwala.

Mwa anthu oyambirira kuona timinofu timeneti tikugwira ntchito mwa munthu wamoyo munali mphunzitsi wa nyimbo wa ku Spain, Manuel García. Mu 1854 anaika kagalasi ka madokotala a mano kukhosi kwake, n'kuunikira ndi kuwala kwa dzuwa kudzera pagalasi lina, mpaka anaona kholingo lake lomwe akuimba. Mpaka lero madokotala ena a khosi amagwiritsabe ntchito kagalasi kotere, ngakhale kuti kunabwera tizipangizo ta kamera.

Kutupa n'chiyani kwenikweni?

Kutupa si tizilombo ayi, koma ndi nkhondo imene thupi lanu likumenya. Tizilombo tikalowa m'maselo a pakhosi, maselowo amatulutsa makemikolo oitana thandizo. Timitsempha ta magazi timatseguka kuti asilikali a m'thupi, maselo oyera aja, afike msanga. Magazi akachuluka pamalopo pamafiira ndi kutentha. Madzi akamatuluka m'timitsemphamo pamafufuma. Makemikolo omwewo amakhudza mitsempha ya ululu, ndiye pamawawa. Zizindikiro zinayi zimenezi, kufiira, kutentha, kufufuma ndi kuwawa, anazilemba kale Celsus, wolemba wa ku Roma, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Tsopano ganizirani timinofu ta mawu tija titafufuma. Talemera, ndiye tikunjenjemera pang'onopang'ono, mawu n'kukhala besi. Sitikukumananso bwino pakati, ndiye mpweya ukuthawira m'mbali, mawu n'kumamveka ngati wailesi yotha mabatire. Tikafufuma kwambiri sitinjenjemera n'komwe, basi mawu athawa.

Chimayambitsa n'chiyani?

Choyamba, ndiponso chachikulu, ndi mavairasi: a chimfine wamba, a fuluwenza, ngakhale a Covid-19. Amayenda m'timadontho ta malovu munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, amayendanso m'manja, pakapu imodzi yomwera kalasi yonse, pabotolo lopatsirana kubwalo la mpira.

Mwina mukuti, "Nanga si agogo amati ndi mphepo?" Agogo anaona zoona, kungoti mphepoyo si imene imalowa m'thupi n'kukhala matenda. Kukazizira timatseka mawindo onse, timaunjikana m'kalasi ndi m'mahositelo, ndiye vairasi ya munthu mmodzi imafika kwa anthu makumi angapo. Mpweya wozizira ndi wouma umaumitsanso chinyezi chimene chimateteza mphuno ndi khosi. Komanso mavairasi ambiri a chimfine amaswana bwino pamene pali pozizirirako, madigiri 33 mpaka 35 ngati m'mphuno, kusiyana ndi madigiri 37 a m'kati mwa thupi. Ndiye juzi valani ndithu, koma windo limodzi lizikhala lotsegula.

Chachiwiri ndi utsi ndi fumbi. Kukhitchini kopanda windo, nkhuni zaziwisi, mbaula m'chipinda chogona, fodya, fumbi la choko ndi la mumsewu, zonsezi zimapsereza khungu lofewa la pakhosi. Za mbaula ndiwonjezereko: makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Kuzizire bwanji, mbaula isagone m'chipinda.

Chachitatu ndi kukuwa. Tsiku la mpira kapena netibo pakati pa masukulu, ochemerera amabwerako mawu atatha, chonsecho palibe kachilombo kalikonse. Timinofu tija takhala tikuombana mwamphamvu maulendo mazanamazana pa sekondi kwa maola awiri, ndiye tatupa. Oimba kwaya, aphunzitsi, alaliki ndi oitanira minibasi akamachita izi tsiku ndi tsiku osapumitsa mawu, patiminofupo pamamera timibulu tolimba, monga mmene khasu limalimbitsira zikhatho, ndipo mawu amasasa kwa miyezi.

Chachinayi ndi asidi wa m'mimba amene amabwerera kukhosi, makamaka munthu akadya kwambiri n'kugona nthawi yomweyo. Ena amamva chilungulira, ena amangodzuka m'mawa mawu atasasa.

Chachisanu ndi mabakiteriya. Apa ndiye ndikufuna tichedwepo.

Bakiteriya amene amayamba pakhosi n'kuthera pamtima

Dzina lake ndi Streptococcus pyogenes, kapena kuti streptococcus wa gulu A, kutsatira magulu amene wasayansi wa ku America, Rebecca Lancefield, anakonza mu 1933. Mwa ana 10 alionse odwala zilonda zapakhosi, awiri kapena atatu amakhala kuti wawagwira ndi iyeyu. Kwa akuluakulu chiwerengero chimatsika. Amakonda kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15, kutanthauza azing'ono anu a kupulayimale ndi enanu a Fomu 1 ndi Fomu 2.

Chonyenga chake n'chakuti pakhosipo pamatha kupola pokha pakapita masiku angapo, aliyense n'kuiwala. Koma mwa ana ena, asilikali a m'thupi amene anaphunzira kumenya bakiteriyayu amasokonezeka. Mapuloteni ena a pakhungu la bakiteriyayu amafanana ndi mapuloteni a mumtima ndi a molumikizana mafupa, ndiye asilikali aja amayamba kuwombera kwawo komwe. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mwana amatentha thupi, bondo limatupa ndi kuwawa, likayamba kuchira ululu umasamukira pakakolo kapena pachigongono. Ena manja ndi nkhope zimangogwedezeka zokha moti amalephera kulemba bwino. Amenewa ndi matenda a rheumatic fever.

Maondo amachira, koma mtima susunga chinsinsi. Mumtima muli tizitseko tinayi, mavalavu, timene timaonetsetsa kuti magazi akupita mbali imodzi. Matendawa akamabwerezabwereza, tizitsekoti timachita zipsera, ndiye sititsekeka bwino kapena sititseguka mokwanira. Pakapita zaka, mnyamata amene ankathamanga bwinobwino amayamba kupuma movutikira akakwera kachitunda, miyendo n'kumatupa. Kwa mtsikana vutoli limadzaopsa kwambiri nthawi ya pakati, pamene mtima umafunika kupopa magazi ochuluka.

Musaganize kuti ndi za kutali. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, ofufuza anaunika ndi makina mitima ya ana 1,450 m'boma la Lilongwe, ndipo anapeza kuti pafupifupi atatu mwa ana 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda a mtima amenewa, eni ake osadziwa. Padziko lonse matendawa amapha anthu oposa 300,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, ndipo mu 2018 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti alimbane nawo mwapadera. Valavu ikaonongeka kwambiri pamafunika opareshoni yodula, imene imachitika m'zipatala zochepa zedi, kutali ndi Chitipa. Chonsecho chiyambi chake chimatsekeka ndi mankhwala otchipa: jekeseni imodzi ya benzathine penicillin, kapena mapiritsi a penisilini kapena amoxicillin omwa masiku 10. Munthu akalandira mankhwalawa pasanathe masiku 9 chiyambire kudwala pakhosi, mtima umatetezeka.

Ndiye mungasiyanitse bwanji? Vairasi kawirikawiri imabwera ndi anzake: mamina, kuyetsemula, chifuwa, maso ofiira, mawu osasa. Bakiteriyayu amabwera mwadzidzidzi ndipo amabwera yekha: pakhosi powawa kwambiri, thupi lotentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, matonsilo otupa nthawi zina okhala ndi mafinya oyera, mwanabere wowawa m'munsi mwa nsagwada, koma chifuwa ndi mamina palibe. Izi n'zongokuthandizani kuganiza, chigamulo n'cha adokotala. Lamulo losavuta ndi ili: mwana wa msinkhu wa sukulu akadwala pakhosi thupi n'kutentha, apite kuchipatala. Paja kwathu kuno thupi likatentha pamafunikanso kuyezetsa malungo.

Zochita kunyumba kapena kuhositelo

Ngati ndi chimfine chabe ndipo mukupuma ndi kumeza bwinobwino, thupi lanu limaliza lokha nkhondoyi pa sabata imodzi, mawu akachedwa amabwerera pa masabata awiri. Ntchito yanu ndi kulithandiza.

Imwani madzi pafupipafupi. Timinofu ta mawu timafuna chinyezi ngati mmene tcheni cha njinga chimafunira oilo. Tiyi wofunda, phala la madzimadzi ndi msuzi zimatsika bwino. Madzi ofunda othira uchi ndi mandimu amafewetsa pakhosi, ndipo uchi umachepetsako chifuwa. Koma uchi osapatsa khanda losakwana chaka chimodzi, chifukwa umatha kukhala ndi mabakiteriya amene matumbo a khanda sangalimbane nawo.

Sungunulani theka la kasupuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda. Vumatani, yang'anani kumwamba, chukuchani kukhosi, kenako lavulani. Chitani katatu kapena kanayi pa tsiku. Izi zimathandiza kumtunda kuja. Kukholingo madziwo safika, akanafika bwenzi mukutsamwa.

Ululu ndi kutentha thupi zimatsika ndi Panado, motsatira muyezo wolembedwa papaketi. Asipilini osapatsa mwana wosakwana zaka 16 amene ali ndi chimfine, chifukwa nthawi zina amayambitsa matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo.

Mankhwala enieni a mawu osasa ndi kukhala chete. Ndikudziwa, kwa wachinyamata chimenechi ndi chilango, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwaya ipumitseni masiku angapo, kubwalo kaombeni m'manja. Ndipo musanong'one. Ambiri amadabwa, koma kunong'ona mokakamiza kumaumitsa minofu ya kholingo kuposa kulankhula motsitsa. Ngati pali chofunika kunena, nenani pang'onopang'ono ndi mawu anu enieni, kapena lembani papepala. Pewaninso kumangokhosomola pofuna kuyeretsa kukhosi, chifukwa ulendo uliwonse timinofu tija timamenyana. M'malo mwake mezani malovu kapena imwani madzi pang'ono.

Tetezaninso anzanu. Tsokomolerani pachigongono, sambani m'manja ndi sopo, kapu ndi supuni zikhale zanuzanu mpaka mutachira.

Nanga makapisozi a kugolosale?

Maantibayotiki amapha mabakiteriya pogumula khoma lawo kapena potseka timakina tawo topangira mapuloteni. Vairasi ilibe khoma loterolo, ilibenso timakina taketake, imabwereka ta m'maselo anu. Ndiye kumwa amoxicillin pa chimfine kuli ngati kutchera msampha wa mbewa pofuna kugwira udzudzu. Mumachira ndithu pakapita masiku, koma wakuchizani ndi thupi lanu, kapisozi wangolandira ulemu waulere.

Choipa chake n'chakuti m'thupi mumakhala mabakiteriya ambirimbiri nthawi zonse. Mukamwa makapisozi awiri kapena atatu n'kusiya, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Tsiku lodzadwala chibayo chenicheni, mankhwala omwewo amapezeka kuti sakugwiranso. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza za vuto lomweli polandira mphoto ya Nobel mu 1945.

Ndipo ngati wakugwirani ndi streptococcus uja, makapisozi atatu ogula ndi ndalama ya sopo sakwanira. Ululu uchepa, inu muyesa mwachira, koma bakiteriya sanathe ndipo mtima udakali pachiswe. Bactrim, amene ambiri amathamangira, si mankhwala amene madokotala amadalira pa bakiteriya ameneyu pakhosi. Safunsa anadya phula. Adokotala akakulemberani mankhwala a masiku 10, malizani onse ngakhale mutapeza bwino tsiku lachitatu, ndipo musagawireko mnzanu.

Apa osadikira kuti kuche

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, kaya ndi usiku kaya ndi Lamulungu, wodwala apite kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi chaching'ono cha kwanuko, cha Kaseye kapena chachikulu cha paboma. Ngati muli kuhositelo, dzutsani a matroni kapena aphunzitsi oyang'anira ogonera.

Choyamba ndi kupuma movutikira, kapena phokoso ngati likhweru pokoka mpweya. Njira ya mpweya ya mwana wamng'ono ndi yopapatiza ngati chala chake chaching'ono, ndiye kutupa pang'ono chabe kukhoza kuitseka. Chachiwiri ndi kulephera kumeza ngakhale malovu, dovu n'kumangotuluka. Chachitatu ndi kulephera kuyasamula, mbali imodzi ya kukhosi itatupa kwambiri ndipo mawu akumveka ngati munthu wavumata mbatata yotentha. Pamenepo mwina pasonkhana mafinya ofunika kuchotsa. Chachinayi ndi chinthu chotuwa chokuta kukhosi, khosi lonse litatupa. Chimenechi chikhoza kukhala diphtheria, amene masiku ano ndi wosowa chifukwa cha katemera amene makanda amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14.

Zina si zothamangira usiku koma si zozengereza. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kaonetseni. TB imatha kugwira kholingo, makamaka ngati pali chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, ndipo kuyezetsa ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Kwa akuluakulu osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri, mawu osasa osachira amatha kukhala chiyambi cha khansa. Zoyerayera ngati mkaka wogona m'kamwa ndi kukhosi zimasonyeza kuti mwina chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo ndi bwino kuyezetsa magazi. Komanso mwana akatupa mawondo kapena akakolo patapita masabata angapo chidwalire pakhosi, auzeni adokotala za pakhosipo ngakhale asanafunse. Akapezeka ndi rheumatic fever, amabayitsa jekeseni ya penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zingapo, ndipo jekeseni imeneyo ndi imene imasunga mavalavu ake.

M'mabanja ambiri kwathu kuno, wa kusekondale ndi amene amafunsidwa kuti awerenge zolembedwa papaketi ya mankhwala ndi m'kabuku ka kuchipatala. Ndiye mng'ono wanu akadzakana nsima n'kumati pakhosi pakuwawa, mugwireni pachipumi, mumuunike kukhosi ndi tochi, mufunse ngati ali ndi chifuwa ndi mamina. Ngati ndi chimfine, m'patseni madzi ofunda apume. Ngati thupi latentha ndipo chifuwa palibe, auzeni amayi kapena abambo m'chiyankhulo chimene amamva bwino, kaya ndi Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha kapena Chitumbuka, kuti mawa m'mawa mwanayu akaonane ndi adokotala.